Thumba la Mabotolo a aNabanda

Ndinanyamuka kwathu, kufupi ndi Sinda, Lachiwiri m'mamawa, chisanu chili pachimake, m'zaka zija za Chitaganya. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi, m'thumba muli mashileni anayi ndi kalata yochokera ku chipatala cha mishoni ku Katete. Mwana wanga Esinati anali atabereka kumeneko mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, mwamuna wake ali ku migodi.

Kalatayo analemba ndi namwino. Inati kamwanako, kamkazi, sikatha kuyamwa, akukamwetsa mkaka wofinya wa amake kudzera m'kapaipi ka pamphuno, ndipo nthawi zina kamaiwala kupuma mpaka akagwedeze kuphazi. Koma mdani wamkulu anali kuzizira. Ankakagoneka m'bokosi la sopo lozungulizidwa ndi mabotolo a madzi ofunda, ndipo mabotolo awo anali atasweka pafupifupi onse. Tibweretse khumi ndi awiri, okhala ndi zotsekera, dzuwa la Lachiwirilo lisanalowe.

Ine ndinali mkulu wa mpingo. M'nyumba mwanga munali botolo limodzi basi, la palafini. Mudzi wonse unkadziwa kumene kumapezeka mabotolo: kwa aNabanda, otcheza kachasu kutsidya kwa dambo. Ndipo mudzi wonse unkadziwanso amene anaimirira pamsonkhano wa akulu kuti aNabanda adulidwe mu mpingo. Ndinali ine.

Cha m'ma seveni koloko ndinali pakhomo pawo, "odi" wanga atatuluka wochepa ngati wa mlendo wodzapempha moto. Anandipatsa mpando, nandifunsa ngati ndabwera kudzawadulanso kachiwiri. Ndinangowawerengera kalata. Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akukhuthulira katundu wawo mumtsuko, botolo ndi botolo. Anatuluka ndi khumi ndi anayi, lililonse lotseka ndi chitsononkho cha chimanga.

"Madzi asachite kuwira, a Phiri, botolo limasweka," anatero akumanga thumba. "Mulikulunge nsalu, khungu la oterewa silichedwa kupsa. Wanga anabadwa chisanu ngati chino. Anakhala masiku anayi."

Sindinkadziwa. Mwana wotere akamwalira amaikidwa ndi amayi okhaokha, popanda kulira, ndipo ife amuna sitiuzidwa. Ndinachita manyazi kwambiri. Iwo anangowonjeza kuti mabotolo abwerenso, poti ndiwo khasu lawo.

Pa dambo ndinatsuka mabotolowo ndi mchenga, ndinawatsukanso ndi phulusa. Fungo silinasunthe n'komwe.

Naini koloko ndinali pa msewu waukulu wopita ku Fort Jameson. Basi inali itadutsa kale. Inandiimira ndi lole ya mmwenye yodzaza matumba a nsawa, dalaivala wake munthu wa ku Vubwi wopanda mano akutsogolo. Anati kukafika ku Katete ndi shileni ndi sikisi. Thumba litalira ngelengele, anawonjeza tiki, ati katundu woimba amalipira ngati munthu.

Pamwamba pa nsawa tinalipo asanu ndi mmodzi. Msewu unali wafumbi, wa mabampu okhaokha, moti thumba langa linaimba njira yonse. Bambo wina wa chijasi cha usilikali ananunkhiza mphepo, nasendera pafupi, n'kundinong'oneza kuti ndimugawireko kabotolo kamodzi. Ndinamuuza kuti onse alibe kanthu. Anandiyang'ana mwaulemu waukulu, nandigwira chanza ndi manja awiri, n'kufunsa kuti ndawamaliza masiku angati. Ndinamuuza mwaukali kuti ine ndine mkulu wa mpingo.

"Eya, n'chifukwa chake mukukawatayira kutali," anatero. "Akulu akwathunso amatero."

Botolo loyamba linasweka pa kamlatho kena, lole itadumpha. Anthu onse anandipepesa ngati ndaferedwa.

Masana lole inawira. Tinaima pafupi ndi kamtsinje, chakufupi ndi mphambano ya ku Mkaika, nthunzi ili tolotolo. Chitini cha dalaivala chinali chobooka, ndiye maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinakana, koma anandikumbutsa kuti lole ikapanda kumwa ngakhale ine sindifika. Tinandanda mzere kuchokera kumtsinje, tikupatsirana mabotolo a kachasu pakati pa msewu, dzuwa lili pamutu, ine wa jekete ndili kutsogolo. Msilikali uja anagwetsa limodzi pamwala. Anatsala khumi ndi awiri enieni. Kuyambira pamenepo thumba ndinalifungata pamiyendo, ndipo mbatata yootcha imene ndinagula kobiri kwa mayi wina ndinadya ndi dzanja limodzi.

Tinafika ku masitolo a ku Katete cha m'ma fili koloko. Mphepo inali itayamba kale kuluma, ndipo ku chipatala kunali kukadali kamtunda. Ndisanayende n'komwe, anandiimitsa mesenjala wa boma, wa chisoti chofiira ndi njinga yonyezimira. Anamasula thumba, nandandalika mabotolo pansi. Ankanyamula limodzi, kuchotsa chitsononkho, kununkhiza, kulizondotsa, kenako kupukusa mutu. Anatero mpaka onse khumi ndi awiri, ine ndikuyang'ana dzuwa. Pomaliza anati lamulo la kachasu amalidziwa, koma la fungo sanaphunzitsidwe. Anandifunsa kumene kachasuyo wapita. Anthu anali atatizinga, ndipo onse anayang'ana mimba yanga.

Ndinamupatsa kalata. Anaiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, naipinda bwinobwino. Kenako anakweza mawu kuti onse amve.

"Mabotolo awa ndalanda. Ndi umboni wa boma. Umboni umasungidwa pabwino, ndiye ndikausunga kuchipatala. Bambo, tiyeni msanga."

Anamanga thumba pakaliyala, nayamba kupalasa mosamala ngati wanyamula mazira, ine ndikuthamanga pambuyo pake. Pakhonde la sitolo yomaliza panaima mkazi wa dikoni wa kwathu, amene anabwera kudzagula nsalu. Anaona mesenjala, anaona mabotolo, anaona ine ndili wefuwefu, nagwira pakamwa. Ndinadziwa kuti nkhani ikafika kumudzi ine ndisanafike.

Tinalowa pa chipatala dzuwa litafiira. Namwino anayang'ana zitsononkho zija mokayikira. Anathira madzi m'botolo limodzi, natseka, nalizondotsa. Silinadonthe. Anandilola kulowa kwa kanthawi. Esinati anali atakhala pansi pambali pa bokosi, atawonda, maso atatupa. M'bokosimo munali mdzukulu wanga, woti akanakwana m'chipewa changa, khungu lachikasu, kapaipi kali pamphuno. Anali asanamutche dzina, poti kwathu ankati tisafulumire. Namwino anandigwiritsa kaphazi kake. Kanali zii. Ndinachita mantha amene sindinachitepo pa moyo wanga.

Anathira madzi ofunda m'mabotolo asanu ndi limodzi, nawakulunga nsalu monga ananenera aNabanda, nawaika m'mbali mwa mwana. Enawo anasunga osinthira. Madzi ofundawo anadzutsa fungo lonse. Chipinda cha amayi chinanunkha ngati pa bwalo la mowa. Amayi anayamba kununkhiza, nayang'ana jekete langa, ndipo Esinati anaphulika kuseka mpaka misozi. Namwino anati aka n'koyamba kumumva akuseka. Ndisanatuluke ndinagwiranso kaphazi kaja. Kanali katayamba kufunda.

Kumudzi ndinapeza nditamangidwa kale, ena ati ndili kundende ku Fort Jameson. Akulu anzanga anandiitana kuti ndifotokoze, ndipo ndinafotokoza. Mmodzi anafunsa ngati panalibe mabotolo ena oyera. Ndinamuuza kuti oyerawo ndinawafuna m'nyumba zathu zonse, koma tsiku limenelo munali ulaliki wokha.

Patapita miyezi iwiri, mkazi wanga anabwera nalo thumba kuchokera ku Katete. Ndinalinyamula ndekha Lamulungu masana, jekete lili pathupi, ndikudutsa pakati pa mudzi lili ngelengele. ANabanda sanayang'ane n'komwe m'thumbamo.

"Akuyamwa?" anafunsa.

"Akuyamwa. Tamutcha Tamala."

Limenelo ndi dzina lawo la ubatizo, lomwe ndinalifufuta ndekha m'buku la mpingo. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anakoka mtsuko wawo nayamba kudzaza mabotolo, limodzi ndi limodzi, ine ndili pomwepo. Ndinkawapatsira zitsononkho.