Khonde la sitolo ya Che Amidu

Katoni ya sopo ikanyowa ndi mame imakhala ndi kafungo kakekake, ka sopo pang'ono, ka chuku pang'ono. Mpaka lero ndikamva kafungo kameneko ndimabwerera pa Nsipe m'mawa wa mwezi wa Juni, ndili ndi zaka khumi, miyendo itatuwa ndi mphepo, makope ali m'jumbo ya shuga.

Chaka chimenecho amayi anamwalira chimanga chitangouma m'munda. Anatisiya ana awiri, ine ndi mng'ono wanga Mphatso, m'nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata imene abambo anamanga pamudzi wa kwa amayi. Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Mozambiki, koma anachokako nthawi ya nkhondo ataberekedwa kumbuyo ndi azakhali awo, ndipo azakhaliwo anali atamwalira kalekale. Mudzi wawo ankangoudziwa dzina.

Nyumba yathuyo inali thukuta la ku Joni. Abambo anakakhalako zaka zitatu ine ndili wamng'ono, ndipo nkhani za kumeneko ankatiuza masana tikutong'ola chimanga pakhonde, amayi ali moyo. Ankati kumeneko nyumba ndi zazitali zoti ukayang'ana kumwamba chipewa chimagwa, koma pansi pa nyumba zomwezo anthu amagona panja, ena atavala nsapato zabwino kuposa za aphunzitsi athu. Buledi amatayidwa m'bini asanawonongeke, moti munthu amatha kukhuta koma alibe pogona. Ku Mozambiki nako, monga azakhali awo ankawauzira, anthu ankagona kuthengo nyumba zawo zili chiimire, poopa kuwotchedwa nazo. Ine ndinkaseka. Ndinafunsa chifukwa chake anthu a ku Joniwo sankangopita kumudzi kwawo. "Ena alibe mudzi, mwanawe," anatero abambo. Ndinaona ngati ndi mabodza aja amabwera nawo anthu a ku Joni pamodzi ndi mawailesi. Za komwe iwo ankagona sankanena, inenso sindinafunse.

Patapita mwezi chimwalirire amayi, pakhomo panafika anthu. Anaphika thobwa, anapha nkhuku ziwiri, ndipo ndiulule kuti ndinasangalala, chifukwa chichitikire maliro sindinalawe nyama. Sindinkadziwa kuti limeneli ndi tsiku losudzula abambo. Anawakhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, ndipo amalume, mlongo wawo wa amayi, anayankhula mofatsa, chipewa chili pabondo.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, tilibe nanu chifukwa. Lero takumasulani. Ana ndi athu, musade nawo nkhawa. Mukhoza kupita kwanu, ndipo mukapeza banja lina ife tilibe mawu."

Abambo anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kuthokoza. Panalibe wokalipa, panalibe wotukwana, ndipo n'zimene zimandikwiyitsa mpaka pano. Aliyense pamphasa paja ankadziwa kuti munthuyu alibe kwawo, koma palibe anafunsa. Anthu anamwa thobwa n'kubalalika.

Chimanga chitalowa m'matumba, amayi aang'ono anasamukira m'nyumba mwathu ndi amuna awo kuti azitisamalira. Abambo analongedza zovala m'chikwama chija anabwera nacho ku Joni, n'kumanga bulangete pamwamba. Mnzawo wina anawanong'oneza kuti asasule malata, poti akamwini ena amatero. Iwo anangoloza ine ndi Mphatso ndi mlomo. Anatuluka m'mawa, dzuwa litakwera kale, akupereka moni kwa aliyense ngati akupita kumsika.

Ndinawapeza tsiku lachitatu. Njira yathu ya kusukulu inkadutsa pamsika wa m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe azimayi amayala mbatatesi, kabichi ndi tomato podikira magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Nthawi imeneyo kunali kusanachangamuke. Chifunga chinali chitaphimba mabenchi, agalu akununkhiza pa chiwaya cha tchipisi chozizira. Pakhonde la sitolo ya Che Amidu, wamalonda wa Chisilamu amene tinkagulako mchere ndi sopo, munthu wina ankapinda makatoni. Ankawapinda mwaluso, katatu katatu, n'kuwalowetsa kuseri kwa dramu yamadzi. Kenako anatsegula jekete n'kuyamba kutulutsa mapepala a nyuzi amene anadzikutira nawo pachifuwa. Anali abambo.

Atandiona anamwetulira, nyuzi ili m'manja. "Ndapeza ntchito, Tiyamike. Ndine mlonda wa Che Amidu."

Ndinanyadira kwambiri. Kusukulu ndinauza kalasi yonse kuti abambo anga amalondera sitolo yaikulu pa Nsipe ndipo akuba amawaopa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalawirira, nditabisa mbatata yowotcha m'jumbo ya makope. Tinkakhala pasimenti yozizira, iwo akudya, ine ndikuwaonetsa masamu. Che Amidu akamachokera kumzikiti ankawabweretsera tiyi m'kapu yachitsulo, ndipo abambo ankayamba andipatsa ine kuti ndifunditse manja. Masana ankakweza matumba a mbatatesi m'malole. Milomo yawo inang'ambika ndi mphepo, ndipo mu Julayi anayamba kutsokomola chifuwa chouma chimene chinkamveka ndisanafike n'komwe pakhondepo.

Chifuwacho n'chimene chinandisowetsa mtendere. M'nyumba mwathu munali kachipinda kopanda munthu, momwe amayi aang'ono ankasungiramo mbewu ya mbatatesi. Tsiku lina ndinapita kwa amalume, ndinagwada, n'kuwapempha kuti abambo azigona mmenemo mpaka kuzizira kuthe. Amalume sanali munthu woipa. Anandiyankha maso atafiira.

"Si ine ayi, mwana wanga, ndi mwambo. Munthu womusudzula kale abwerere m'nyumba muli mlamu wake ndi mwamuna wake? Anthu atiseka."

Ndinapita kwa abambo omwe, ndikulira, kuti mwina iwo akapemphe okha. Anandipukuta misozi ndi mkono wa jekete. "Iwe, unaona kuti mlonda wogona kunyumba? Nanga sitolo ailondere ndani?" Ndinalibenso wina womupempha, ndiye ndinangowonjezera mbatata kukhala ziwiri.

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, anandiuza kuti akubwerera ku Joni. Anati akagwira ntchito zaka ziwiri n'kudzagula malo pa boma, malo awoawo, pomwe palibe angawamasule. Anakwera pamwamba pa matumba m'lole yolowera kummwera. Ine ndi Mphatso tinaima m'mbali mwa msewu tikubayibitsa mpaka loleyo inabisika. Anaimba foni kawiri chaka chimenecho, pa foni ya amalume. Kenako nambala ija inasiya kugwira, ndipo onse obwerako amene takhala tikuwafunsa amangopukusa mutu.

Chaka chatha ndinalowa m'sitolo muja ndili ndi mwana kumbuyo. Che Amidu anamwalira, amagulitsa tsopano ndi akazi awo. Nditawauza kuti ndine mwana wa yani, ndinawathokoza kuti banja lawo linapatsa abambo ntchito pa nthawi yovuta. Mayiwo anasiya kuyeza shuga.

"Ntchito? Iyayi mwanangu, mlonda tinali naye kale, ankakhala kuseri. Bambo ako anangopempha khonde. Tinawauza kuti azigona m'chipinda cha katundu, muli bwino, mofunda, koma anakana. Akuti pakhonde m'pamene ana amadutsa. Anangotipempha kuti iwe ukafunsa tiziti ali pantchito."

Ndinalipira shuga n'kutuluka. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti kusowa pogona ndi tsoka la anthu a m'mayiko ena, opanda abale, opanda munda. Wosowa pogona woyamba kumudziwa ine anali ndi ana awiri ndi nyumba yomanga yekha pamtunda woyenda mphindi khumi, ndipo m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu ndinkamufunsa mokondwa kuti ntchito yayenda bwanji.