Chitseko cha Khola ndi Bomba ya Che Saidi

Mboni zanga ndi zitatu: Che Saidi, amene anatisiya, mlongo wanga Rozita, amene anakwatiwa ku Cuamba ndipo foni sayankha, ndi tambala wofiira amene tinadya pa Khisimisi. Wokayika akafunse amenewa.

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Matewere, mphuno imayamba kumva mlamba wowamba, fungo limene linakhazikika m'jekete lawo zaka zonse zimene ankapalasa njinga kuchoka kunyanja ya Amaramba kukagulitsa nsomba ku Insaca, moti amphaka ankawaperekeza mpaka kutchalitchi. Bondo litawakana, njinga anaipachika kudenga, iwo n'kukhala pakhonde duu ngati chitsa. Ukawapatsa moni lero, ankayankha mawa.

Tsiku lina anazula chitseko cha khola la nkhuku, n'kuchigoneka pamitondo iwiri, n'kujambulapo ndi khala msewu wokhotakhota wa tizipinda: kumunsi nyanja, kumtunda msika. Chitsekerero cha botolo ndiye inali njinga, nyemba zouma ndiye nsomba. Tinkayenda poponya kamtengo kamene anasema n'kukawotcha madontho ndi msomali wamoto. Wofika kumsika nsomba zikadalipo, wapambana.

Oyesa masewerawo tinali ife ana. Vuto linali loti agogo sankafuna bodza pachitsekopo. "Ndajambula zimene zinandichitikira basi," ankatero. Ndiye panali minga, mchenga, fishikali wotolera msonkho, galu, apongozi ofuna ndiwo, kenako minganso. Ukaponda minga, tayala laphwa, ukhala pomwepo mpaka kamtengo katagwa mbali ya madontho ambiri, ndipo mbali imeneyo anaisema mopendeka. Rozita anaponda minga tikubzala chimanga. Pokolola anali pomwepo. Ndikulumbira.

Anzanga anathawa mmodzimmodzi, ndinatsala ndekha. Koma agogo anali atayambiranso kulankhula, kuseka, ngakhale kutukwana fishikali wamakala uja. Nkhuku nazo, posowa chitseko, zinasamukira pansi pa bedi la agogo aakazi.

"Bambo, tambala wandilirira m'khutu mokwanira," anatero agogo aakaziwo Lolemba lina. "Lachisanu likadutsa wina asanagulitse nsomba pamenepo, chitseko chibwerera kukhola."

Ndinadziwa kuti chitseko chikapita, agogo abwerera kukhala chitsa. Ndiye pochoka kusukulu ndinkathamangira kukaponya kamtengo mpaka dzanja kuchita dzanzi. Agogo anafufuta mchenga ndi malovu. Sizinathandize. Anawonjezera mtsetse woti njinga izithamanga, koma pansi pake anajambulapo minga, ati ndi mmene zinalili.

Lachisanu lija masana kunadutsa Che Saidi, mnzawo amene ankapalasa naye njinga, akuchokera kumzikiti.

"Si juga imeneyi?" anafunsa.

"Nyemba zokhazokha. Khalani pansi."

Anakhala. Kuponya koyamba, minga. Che Saidi anakonza kofia yawo n'kuyamba kuyendetsa chala pamsewu wonsewo.

"Che Matewere, uyu ndani?"

"Fishikali."

"Uyu?"

"Galu wa pamlatho uja."

"Galu mwamujambula mpaka mchira. Nanga ine ndili pati?"

"Pano pali masoka okhaokha. Inu si tsoka."

"Zaka zonse zija munagulapo bomba yopopera njinga, inu? Tayala likaphwa munkadikira madontho kapena munkadikira ine?"

Agogo anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ntchentche inalowa n'kutuluka bwinobwino.

Anthu a nsomba sapitirirana panjira. Ukapeza mnzako tayala laphwa umatsika, n'kumumatira, n'kumupopera, iye n'kukupatsa nsomba ya ndiwo. Agogo anali atakumbukira munga uliwonse wa pakati pa Amaramba ndi Insaca, koma zimenezi anaziiwala, chifukwa zinkachitika tsiku ndi tsiku.

"Bomba yanu inkatulutsa mpweya m'mbali," anatero agogo, koma dzanja linali litatola kale khala.

Lamulo latsopano linali lalifupi: wodutsa pamene mnzake waphwetsa tayala amaima, kumupopera, n'kulandira nyemba imodzi. Tinaitana Rozita, amene chitsekerero chake chinali chitachita dzimbiri paminga paja. Iye anakana kaye, ati anazolowera pamenepo. Ine ndinamupopera, iye anapopera Che Saidi, Che Saidi anapopera agogo uku akuwakumbutsa kuti sizachilendo.

Agogo aakazi atatulukira ndi chingwe chomangira chitseko, njinga yanga inali ikulowa mumsika, itanyamula nyemba imodzi yofumbwa.

"Yagulitsidwa?" anafunsa.

"Yagulitsidwa," anayankha agogo aamuna.

Agogo aakazi anayang'ana chitseko, anayang'ana amuna awo, kenako anandiponyera chingwe chija. "Kadule bango, khola lipeze chitseko china." Ndinapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira Lolemba.

Agogo anasewera pachitsekocho mpaka chaka chimene anamwalira, ndipo moni ankayankha tsiku lomwelo. Ine lero ndimakwera shapa, minibasi zakwathu zija, ngati aliyense, njinga ndilibe. Koma mukatsegula chikwama changa mupeza bomba. Imatulutsa mpweya m'mbali.