Bati yomata imene ndinaichapa

Mwana wanga wamkazi ali giredi 4 anayamba kumenya tebulo tenisi kusukulu kwawo, kufupi ndi Sinda. Tebulo linali chitseko chakale chosanjika pamadesiki. Mabati analipo awiri okha, okutha, amphira wa timatuza ngati khungu la nkhuku yososola. Ndi amenewo ankabweza kampira mpaka mnzake kutopa. Aphunzitsi anati asankha atsikana atatu okasewera ku Katete, ndipo m'nyumba mwathu simunamvekenso nkhani ina.

Ine ndinalakwa kuuza mlongo wanga wa ku Lusaka pafoni. Iye sadziwa kutumiza chinthu chaching'ono. Basi inabweretsa bati yolemera, yamphira wonenepa, wosalala, mbali ina yofiira ina yakuda. Anati ndi imene amamenyera akatswiri.

Mwana anagona nayo. Koma kuyambira tsiku limenelo ankabwera kunyumba nkhope ili gwa. Akangokhudza kampira pang'ono, kankauluka kupitirira tebulo, tsiku lina mpaka kutulukira pazenera. Anzake anamutcha woponya ndege. Aphunzitsi anamuuza kuti abwerere ku bati ya sukulu, iye anakana. Angabwerere bwanji atawaonetsa kale anzake ya ku Lusaka?

Inali nthawi yothyola thonje. Ndinkafika msana uli ngati wathyoka, wamng'ono ali kumbuyo, n'kupeza wina akulira chifukwa cha kampira. Mawu omutonthoza anandithera.

Loweruka lina ndikusesa ndinaipeza bati ija pamphasa. Kuigwira, inamata zala. Fumbi ndi ulusi wa thonje zinali zitakakamira pamenepo. Ndinati uyu wadyera nzimbe pabati. Ndinatenga sopo ndi chokwechera mapoto n'kukwecha mbali zonse mpaka kumata kuja kutha. Ndinaiyanika pathandala pamodzi ndi mbale, ine ulendo kumunda. Inakhala padzuwa mpaka madzulo.

Mwana ataiona, kulira kwake anamva ndi a nyumba yachitatu.

"Amama, ndimo imakhalira! Imafunika izimata!"

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Chinthu chomata ndi chakuda."

Lolemba ndinasiya thonje n'kumuperekeza, mwina aphunzitsi akanadziwa kokonzetsa. Iwo anadina mphira ndi chala, uli gwa ngati chikopa chouma.

"Mayi, mwaipha. Ine zaka zonsezi sindinagwirepo yotere, inu mwaikwecha ngati poto."

Kenako aphunzitsiwo anatenga kampira.

"Iwe, imirira uko, tione maliro ake," anauza mwanayo.

Anamuponyera kampira. Anabweza, kanagwera patebulo. Anaponyanso, kanagweranso patebulo. Ana amene anali pazenera anayamba kuwerenga mokweza. Aphunzitsi anagwira kampira m'manja n'kuseka mopanda chimwemwe.

"Kale bati inali patsogolo, mwana m'mbuyo. Tsopano afanana msinkhu. Koma musakachapenso ina, chonde."

Lachisanu aphunzitsi anatchula maina a opita ku Katete, la mwana wanga linali lachitatu. Anadzandiuzira kumunda, akupuma wefuwefu, koma atabisa bati kumbuyo kuti ndisaikhudze. Ndinamuuza kuti wachita bwino. Kenako ndinamupatsa mng'ono wake kuti abereke, chifukwa mizere ya thonje inali ikadali yambiri ndipo dzuwa linali litapendeka.