A Fabiano Ankasenza Madzi Pamutu

A Fabiano Namakhwa anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Makolo awo anachokera kudziko loyandikana nalo lomwe linkalamulidwa ndi Apwitikizi, koma iwo anabadwira ku Limbe. Ntchito yawo inali kukumba ngalande ndi kulumikiza mapaipi a madzi m'tauni. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankalowetsa madzi m'nyumba za azungu ku Mandala, akaweruka n'kubwerera kwathu ku Chimwankhunda kukamwa a pachitsime cha kudambo ngati ife tonse. Nthawi imeneyo kwathuko kunali kumudzi chabe, ndipo mvula ikagwa, zonse za kutchire zinkatsikira m'chitsime chomwecho.

M'chaka cha 1960 boma linatulutsa ndalama zotiikira mpopi umodzi, ndipo anaumanga ndi a Fabiano ndi anzawo. Koma inali nthawi ya Chitaganya, pamene chilichonse cha boma tinkachiyang'ana ndi diso lofiira. Madziwo ankamveka kafungo ka mankhwala, ndiye mphekesera inabuka yoti athiramo zoti akazi tisamabereke. Wotunga pampopi ankatchedwa kapirikoni, kutanthauza wogulitsa dziko. A Fabiano dzinali linawamatirira tsiku lomwe anamaliza kumanga mpopiwo. Ine ndemwe, Dailesi, ndinawayimbirapo nyimbo yachipongwe, ndipo kunena zoona mawu ndinali nawo.

Ana anga awiri ndinali nditaika kale m'manda chifukwa cha kutsegula m'mimba. Mvula itayamba, wachitatu, Felicia, anayambanso chimodzimodzi mpaka liwombo kulowa. Kuchipatala sanandibisire. "Mayi, madzi a pachitsime muwasiye, apo ayi uyunso mumutaya." Ndinabwerera naye kunyumba. Pampopi ndinkaopa kupondapo, chifukwa amuna anga, a Stafford, anali ndi khadi la chipani, komanso nyumba ya udzu sichedwa kupsa. Ndinakalirira a Magdalene, akazi a Fabiano, ine yemwe uja woyimba nyimbo. Manyazi anali atandithera.

Lamulungu masana, anthu akuchokera kutchalitchi, ndinamva phokoso la kuseka. Nditasuzumira ndinaona a Fabiano akubwera, ndowa pamutu, chipewa chawo atachipinda kukhala nkhata, madzi akukhavukira pa jekete lawo la ku Misa. Mwamuna wamkulu kusenza madzi! Amayi ankachita kugwirana mapewa ndi phwete, ndipo a Fabianowo kusenza sankadziwa olo pang'ono. Anafika pakhomo panga ndi theka la ndowa, theka lina ali atalivala.

Anatsanulira mumtsuko mwanga, n'kulankhula mokweza kuti onse amve: "Amake Felicia, madzi awa mumwa, mufune musafune!" Kenako anatsitsa mawu. "Akakufunsani, muziti kapirikoni uja akuchita kukukakamizani. Ine dzina langa linaonongeka kale, lanu lisaonongekerenso."

Anachita zimenezi m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, kwa miyezi itatu. Pamaliro amuna anzawo ankawasunthira kutali. Wina anawathyolera chimanga cham'dimba chisanakhwime. Iwo osadandaula, mawa lake ndowa ili pamutu, ndipo pofika mwezi wachitatu ankayenda osaigwirira, a Magdalene n'kumati akwatiwa ndi mkazi mnzawo.

Felicia anachira. Chaka chotsatira ndinaimanso, ndipo amayi anzanga ataona mimba yanga anayamba kupita pampopi mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti chitsime chatalikira. Palibe anakapepesa kwa a Fabiano.

Ine ndinawathokoza kamodzi kokha, kuseri kwa nyumba, monong'ona. Iwo anangofunsa kuti, "Mwana akudya?" A Fabiano anamwalira pamene Felicia anali kusekondale.

Mpaka lero mtima umandipweteka, chifukwa anthu akandifunsa masiku amenewo, ndinkanenadi kuti akundikakamiza, nthawi zina n'kuwonjezapo kachipongwe kuti andikhulupirire. Ambiri anandipatsapo ufa, nsalu ndi mchere pamoyo wanga, koma a Fabiano okha ndi amene anandilola kuwatukwana kuti mwana wanga akhale ndi moyo. Zikomo, bambo. Ndikunena mokweza tsopano, ngakhale ndachedwa.