Achibale a Usipa

Mayi Liness Mwale anabadwira ku Dwangwa, m'nyumba za odula nzimbe. Bambo awo, a Tedson, anali Mchewa wa kwa Malengachanzi, mayi awo Mtumbuka wa ku Rumphi. Bambo atamwalira, akuchimuna anati mwana ndi wa kuchikazi, monga mwa Chichewa. Ku Rumphi nakonso anati kwawo mwana amakhala wa kwa bambo. Choncho mayi ndi mwana anangotsikira kumene mtsinje wa Bua umathirira m'nyanja, n'kuyamba kuyanika nsomba.

Liness anakulira pathandala, anakwatiwira pomwepo, ukwati n'kutheranso pomwepo. Nsomba ankazisankha monga aliyense: zazing'ono zoyanika, zazikulu zowamba, zopanda mamba pazokha chifukwa ena sadya. Akafunsidwa kwawo ankangoti ndi konkuno.

Tsiku lina mwana wawo Uchizi, amene anali kusekondale, akuthandiza kutembenuza usipa, anawauza zimene anaphunzira. Anati akatswiri a zamoyo amaika usipa pagulu limodzi ndi mpasa ndi sanjika, pomwe utaka mbale wake ndi chambo. Anawonjezera kuti mleme si mbalame, ngakhale umauluka, popeza umayamwitsa.

Liness anaseka. Mpasa, nsomba yonona ija yokwera Bua nthawi ya mvula, ingakhale bwanji mbale wa kausipa?

"Sayang'ana kukula kapena kumene chimakhala, amayi," anatero Uchizi. "Amaona mafupa, zipsepse, ndi kumene chinachokera."

Uchizi anatenga mpasa ndi usipa n'kuziika pamodzi. Zonse zinali ndi chipsepse chimodzi chachifupi pamsana, pomwe cha utaka chinali chachitali, chaminga. Liness anazitembenuza kangapo.

Nkhaniyi inawakhala mumtima mpaka mpunga unacha. Kenako anakwera minibasi kupita kwa Malengachanzi, kumene anali asanapondeko chimwalirire bambo awo. Anafunsa njira mpaka anapeza mlongo wa bambowo, Asha, nkhalamba yosaona bwino, akuyanika mpunga pakhomo. Asanadzitchule n'komwe, gogoyo anawagwira dzanja, n'kupapasa chala chaching'ono chopindika.

"Ichi n'cha Tedson," anatero. "Unachedwa kuti?"

Munda sanawapatse, minda inali itagawidwa kale kwa ana a alongo a bambowo, ndipo Liness sanaufunse. Anagonako masiku angapo, anawaonetsa manda a bambo awo, anabwerako ndi mpunga wa kilombero pamutu.

Akadali ku Bua, akuyanikabe usipa. Koma nthawi yokolola ikafika amatseka thandala n'kupita kwa Malengachanzi kukathandiza kumweta mpunga.