Mwana Akanena Kuti Ali ndi Njala

Siketi yanga ya sukulu inali yobiriwira, ya zipi ya pambali. Masukulu atatsegulidwanso, itatha milungu ija tinabindikira m'nyumba chifukwa cha korona, zipiyo inakana kukwera. Ndinaigwiriza ndi mapini awiri n'kuphimba ndi juzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kuthamangira basi kwathu ku Balga, kuno ku Australia, kunkandisiya ndili wefuwefu mpaka kusukulu.

Kunenepako sikunayambe ndi mliri ayi. Tinkakhala awiriwiri ndi amayi, chifukwa bambo anga anamwalira ku Malawi ine ndili wakhanda. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo asanapite ku shifiti ankasanja makontena mufiriji: mpunga wa nkhuku, mandasi, zitumbuwa. Akabwera n'kupeza zatsala, ankandigwira pachipumi ngati ndadwala. Lamlungu lililonse ankandijambula n'kutumiza chithunzi kumudzi, azakhali n'kumayankha kuti, "Wanenepa bwino mwanayu, Australia yamuyanja!" Kwathu amenewo ndi mawu oyamikira. Kusukulu anyamata ankanditchula dzina la nyama ina ya m'madzi, limene mpaka pano sindifuna kulilemba.

Adokotala atandiyeza magazi anati shuga ali pakhomo, ndipo tikazengereza alowa. Aphunzitsi a zamasewera ndiwo anandipatsa mapepala a makampu a achinyamata ofuna kuchepetsa thupi. Otchuka anali kum'mawa kwa dziko, koma malire a chigawo chathu anali otseka, choncho tinatsala ndi atatu apafupi.

Ine ndinasankhiratu kampu yokhwimitsa zinthu kwambiri, ya makochi ovala ngati asilikali, yodzaza zithunzi za ana asanalowe ndi atatuluka. Ndinkafuna ndikazunzike, ndibwereko munthu wina. Amalume, amene ankaphunzira pakoleji ina ku Bentley n'kumabwera Loweruka kudzadya, anaseka mpaka kutsamwa. "Achemwali, mukalipire azungu kuti akamane mwana chakudya? Mundipatse ine, ndizimuthamangitsa pa paki." Iwo eni mimba inkafika pakhomo iwo asanafike.

Amayi sanaseke. Anaika foni patebulo n'kuyamba kuimbira kampu iliyonse, ine ndikumva. Sanafunse za zipinda kapena za dziwe losambira. M'Chingerezi chawo chofatsa cha kuntchito ankafunsa chinthu chimodzi chokha: mwana akanena kuti ali ndi njala, mumatani? A kampu yanga ija anati amamupatsa madzi, pakuti njala imakhala m'mutu. Amayi anathokoza mwaulemu n'kudula foni. Achiwiri anatitumiza kwa wina, winayo kwa winanso, mpaka tinatopa. Kwa achitatu kunayankha mayi wa mawu osasa. Anati amamupatsa chipatso kapena mkaka n'kukhala naye mpaka amalize, komanso kholo liyenera kubwera Loweruka kudzaphunzira kuphika pamodzi ndi mwana wake.

Ndinapsa mtima. Ndinawalalatira amayi m'Chingerezi kuti iwo ndiwo anandinenepetsa, ndipo tsopano akufuna kundipereka kwa anthu ena okandidyetsanso. Lero ndimachita manyazi ndi mawu aja, ngakhale kuti sanali abodza onse. Amayi sanabweze moto. Anangoti, "Upita ndithu, koma kumene ndasankha ine. Wanga sagona ndi njala." Anasaina fomu, ndipo pamene pankapempha chilolezo chojambula zithunzi analemba ayi wamkulu, cholembera mpaka kuboola pepala.

Ndinapita patchuthi chachitali, m'nyengo yotentha. Kampuyo inali kumapiri, pakati pa mitengo ya bulugamu. Ndimakumbukira fungo la masamba ouma ndi la mankhwala opaka m'manja, ntchentche zokakamira pamilomo, ndi ntchafu zanga zitasupuka chifukwa cha kuyenda m'mamawa. Ndinalumbira kuti sindidzanena kuti ndili ndi njala, kuti amayi achite manyazi ndi funso lawo. Tsiku lachinayi ndinanena, misozi ili chuchuchu. Mayi wa mawu osasa uja anandisendera lalanje n'kukhala nane pakhonde, osandilalikira chilichonse. M'mawa mwake ndinakwera phiri lonse osapumira panjira.

Loweruka amayi ankasinthana shifiti ndi anzawo n'kubwera. Munthu woti waphika zaka makumi atatu ankaima pamzere ndi makolo ena, atamanga chitenje, akuyeza mafuta ophikira ndi kasupuni ka tiyi, milomo ataluma. Sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo zonse ankalemba m'kabuku.

Itatha milungu itatu anabwera kudzanditenga. Sindinachepe kwambiri, koma nkhope inali itaphwa ndipo ndinkadikira kuti andiyamikire. Iwo anandigwira mkono, n'kuuzunguliza ndi zala ziwiri mpaka zinakumana. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. "Sukutsokomola? Pogona sukutuluka thukuta?" Ndinasolola mkono wanga n'kukakhala mpando wa kumbuyo m'galimoto.

Panapita zaka kuti amalume andiuze mmene bambo anga anafera. Anawonda pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, amayi akuwayeza mkono ndi zala m'mawa uliwonse, anthu a pamudzi akunong'onezana kuti mkaziyo ndi khandalo atsatira posachedwa. Tsiku lija m'galimoto ine ndinkangoona mayi wouma mtima, wosadziwa kuyamikira mwana wake. Sindikanatha kudziwa kuti munthu yekhayo amene iwo anamuonapo akuwonda m'nyumba mwawo sanasiye kuwonda mpaka kumanda, ndipo fomu ija anasainabe ndi dzanja lawo.