Thobwa limene sindinameze

Mphwanga anayamba kudwala chaka chimene amuna a m'mudzi mwathu anabwerako kunkhondo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ine ndinkamuposa ndi zinayi. Sukulu ndinali nditasiya kale, nditamutema mnzanga ndi sileti pachipumi. Wanzeru pakhomo pathu anali iyeyo, ndipo aphunzitsi a kumishoni ankati afika patali. Bambo anali ku Halale, makalata atasiya kubwera. Pakhomo tinalipo ine, iye, amayi, achemwali athu ndi amuna awo, alamu anga.

Zinayamba pang'onopang'ono. Tikupalira nandolo, ankangoima pakati pa mzere, khasu m'manja, khutu atatchera kuphiri. Kenako n'kuyankha munthu amene ife sitikumuona: "Ndamva, ndamva, musabwereze." Ine ndinkati ndi ulesi wa ana a sukulu, ndipo kangapo konse ndinamugenda ndi zibuma. Sindibisa, mtima wanga ndi wapachala kuyambira ndili mwana.

Mawu amene ankamvawo anayamba kumuuza kuti m'zakudya mukuthiridwa mankhwala. Anakana chilichonse chophikidwa ndi amayi ake omubereka. Tsiku loyamba tinati njala imubweza. Tsiku lachitatu milomo inali itang'ambika, amayi akungolira kuseri kwa nkhokwe.

Kwathu kuno munthu akakupatsa chakumwa amayamba walawa yekha iwe ukuona, kuti udziwe kuti mulibe kanthu. Ine sindinachite kuganiza zimenezo, unali ukali chabe. Ndinatsomphola mbale ya mbatata m'manja mwa amayi, n'kuyamba kudya ndili chiimire pamaso pake.

"Ona! Ndiyambe kufa ndine! Ona, galu iwe!"

Anandiyang'anitsitsa mpaka nditameza. Anadikira ngati munthu woyembekeza kuti mtengo ugwe. Ataona kuti ndidakali chilili, anatambasula dzanja n'kutenga mbatata yomwe ndinalumayo.

Kuyambira tsiku limenelo ankadya chokhacho chimene ndalawa ine. Amayi akalawa, ayi. Achemwali akalawa, ayi. Ndinamufunsa chifukwa chake, iye nati, "Akuti achimwene ndinu opusa, chiwembu simungachithe." Ndinafuna kumumenya, koma amayi anaseka koyamba m'masabata ambiri, ine n'kumusiya.

Inakhala ntchito yanga kwa miyezi isanu ndi iwiri. Anzanga ankapita ku Limbe kukafuna ntchito, ine osachoka, chifukwa ndikachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, mwanayo ankakhala ndi njala tsiku lonse. Alamu sankandisiya.

"Alamu, azungu a ku Limbe ali ndi owaphikira, koma wowalawira alibe. Mphwanuyu ndiye bwana woposa onse!"

"Inu mkamwini, lankhulani za nkhuku zanu," ndinkatero. Koma mumtima zinkandiwawa, poti zinali zoona.

Mvula itayandikira matenda anakula. Ankayenda osapuma, kumunda, kuchitsime, kubwerera, akukangana ndi anthu ake aja. Lamulungu lina anakuwa m'tchalitchi pakati pa Misa. Amalume, alongo awo a amayi, anabwera n'kunena kuti njira zilipo ziwiri: kumuika m'goli, chimtengo chija amamangiramo amisala, kapena kumupereka kuboma kuti amutumize kosungira amisala ku Zomba. Amayi anapempha kuti ayambe ayesa kuchipatala cha mishoni. Anabwerako ndi kabotolo ka mankhwala amadzi. Asisitere anawauza kuti azimupatsa supuni imodzi kuti mtima ukhale pansi, ndipo anachita kubwereza kuti timuuze, tisamubisire.

Kumuuza bwanji munthu amene akuopa mankhwala m'mbatata? Achemwali anati tithire m'thobwa, iye amalikonda, ine ndilawe monga mwa masiku onse. Tonse tinavomera. Tikubalalika, alamu anandigwira paphewa.

"Koma alamu, muchenjere. Mankhwala a amisala ukamwa uli bwinobwino, misala imalumphira kwa iwe. Tikhala ndi awiri pakhomo pano."

Ankanena zoseka, inenso ndinaseka. Koma mawuwo anandikhala m'mutu. Ndinali nditaona mmene zinamuyambira mwana wanzeru uja, popanda chifukwa, ndipo magazi athu ndi amodzi.

Mawa lake masana titaweruka kumunda, tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi anabweretsa chipanda cha thobwa. Ndinachilandira, n'kuchiika pakamwa, n'kunyowetsa milomo yokha. Ndinapukuta ndi kuseri kwa dzanja ngati munthu amene wamwa, n'kumupatsira.

Anachigwira osamwa.

"Achimwene, kholingo silinayende."

"Ndameza."

"Silinayende. Ndimaliona masiku onse."

"Imwa iwe, ndatopa ine!"

Anaviika chala, n'kuchigunditsa palilime. "Muli mchere. Thobwa la mchere munaliona kuti?"

Pamenepo njira inalipo. Ndikanatenga chipandacho n'kumwa theka, n'kumuuza kuti ndi mankhwala a asisitere, taona ndamwa. Mwina akanakana tsiku limenelo, koma akanadziwa kuti ndanena zoona. Ine manyazi ogwidwa bodza ndi mwana, pamodzi ndi mantha aja, zinasanduka moto. Ndinamenya chipandacho chili m'manja mwake, thobwa n'kumuthira pachifuwa.

"Eya, tathira! Ndiye utani? Ukuyesa tayamba lero? Mbatata zonse zija, phala lonse lija, timathira masiku onse, chitsiru iwe!"

"Iwe! Tseka pakamwa!" anakuwa amayi.

Linali bodza lokhalokha. Tinali tisanathirepo kanthu chiyambire. Ndinanena kuti zimupweteke basi, kuti miyezi isanu ndi iwiri ija nayenso aimve.

Sanakuwe, sanalire. Anayang'ana thobwa likulowa m'dothi, n'kunena motsitsa mawu, "Ndiye kuti iwo aja amanena zoona."

Mawu amenewo sandichoka. Miyezi yonse ija, anthu a m'mutu mwake akati akukuthira mankhwala, panali munthu mmodzi wowatsutsa. Tsiku limenelo ndinawapatsa umboni ndi pakamwa panga.

M'mawa mwake ndinatenga kabotolo kaja n'kumwa masupuni awiri iye akuona. Sindinapenge. Ndinangogona mpaka dzuwa kupendeka, mutu uli zii. Nditadzuka ndinamugwadira, ine mkulu wake, n'kumuuza kuti ndinanama. Anati, "Mwanama liti, dzulo kapena lero?"

Za m'nyumba mwathu sanazikhudzenso. Anayamba kudya zimene wazula yekha m'minda ya eni ake: chinangwa, nzimbe, chimanga chosakhwima. Ankati cha munthu amene sakuyembekeza kuti adya iye sichingakhale ndi mankhwala. A m'mudzi mwathu ankangomuthamangitsa, koma tsiku lina anafika kumudzi wina cha ku Kadewere kumene sankamudziwa. Anamumenya ngati mbala, anabwera mano awiri atachoka, diso litatupa. Ndinatenga chikwanje kuti ndipite komweko. Amayi anandigwira malaya. "Ukatema ndani? Anamutuma kumeneko ndani?"

Ndinakhala pansi.

Amalume anabwera ndi goli atasenza, n'kulitula pabwalo. Anati munthu womangidwa adya zimene wapatsidwa, akakana ndiye kuti wasankha yekha. Ine ndinkadziwa kuti mphwanga sadya, afera m'chimtengomo. Ndinawapempha mwezi umodzi. Kupempha sindinazolowere, mawu ankatuluka ngati ndikukalipa, koma anandimvera.

Kutsidya kwa mtsinje kunali munda wa chinangwa chokhwima, wa munthu wina amene nayenso anapita ku Halale. Ndinakagwirizana ndi akazi ake kuti ndiziwalimira munda wawo wa chimanga, iwo andisiyire wa chinangwawo, ndipo akamuona mphwanga akuzula aziyang'ana kumbali. Achemwali anangotchula potunga madzi, iye ali pafupi, kuti chinangwa cha kutsidya chikungoonongeka chopanda mwini. Patapita masiku awiri ndinapeza maenje atatu.

Chino ndi chaka chachitatu. Ndinaonjezamo mbatata, nzimbe ndi nthochi. Amaotcha yekha pamoto wake kuseri kwa kanyumba kamene tinamumangira. Mudzi wonse ukudziwa, mpaka ana, koma palibe amene amamuuza. Alamu omwe aja ndiwo amandionera njira ndikamapalira, akamuona akutsika kuphiri amaimba likhweru. Ndikamachoka ndimafafaniza mapazi anga ndi nthambi. Mankhwala sanamwepo, anthu ake aja akadali naye, ndipo ine amandilambalala panjira ngati chitsa.

Sabata yatha tinakumana pamlatho wa mitengo, malo oti sungapatuke. Anali ndi chinangwa chiwiri m'khwapa. Anaima.

"Achimwene."

Anali asananditchule choncho chichokere tsiku la thobwa.

"Mwini munda uja ali ku Halale. Nanga akupalira ndani?"

Ndinafuna kumuuza. Ndinafuna adziwe kuti mkulu wake si mfiti. Koma akadziwa, mundawo ukhala ngati mbale ya amayi, ndipo goli lija amalume sanaliwaze nkhuni.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Za minda ya eni ake ndilibe nazo ntchito."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundidutsa. Tsiku lonse sindinagwire khasu. M'mawa mwake ndinaoloka mtsinje kukaona ngati wasiya. Anali atazula mitengo iwiri ya chinangwa. Nthambi zake anazidula bwinobwino, n'kuzibzala pamzere, mopendeketsa, monga tinkachitira tili ana.